Khomo la ku Komboni

Sewero la pa kanema lotchedwa Star Trek lidayamba kuonetsedwa ku America pa 8 September 1966. Kuchokera pamenepo labala mphukira zambiri, kotero kuti magawo ake onse akaphatikizidwa amapitirira 900, osawerengera mafilimu 13 amene adatuluka pakati pa 1979 ndi 2016. Munthu amene wangomva mbiri yake n'kufuna kulawako amafanana ndi mlendo wofika usiku pamudzi waukulu: nyumba ndi zambirimbiri, m'nyumba iliyonse mukumveka mawu, koma iye sakudziwa khomo loti akaodirepo.

Okonda seweroli ali ndi mayankho awiri amene amapatsa mlendo wotere. Ena amati atsate ndondomeko ya m'mene masewerowo adatulukira: ayambe ndi la Captain Kirk la 1966 mpaka 1969, abwere ku The Next Generation la 1987 mpaka 1994, kenaka Deep Space Nine, Voyager ndi Enterprise, mpaka afike ku atsopano amene adayamba ndi Discovery mu 2017. Ena amati atsate zaka za m'kati mwa nthanoyo, kutanthauza kuti ayambe ndi Enterprise, sewero limene lidatuluka mu 2001 koma limasimba za chaka cha 2151, Kirk asanabadwe. Mayankho onse awiri amaoneka bwino papepala. Chilema chawo n'chakuti amaganizira woonera wopanda kwawo, munthu amene magetsi samuthimira, bandulo ya intaneti simuthera, ndipo alibe mbiri iliyonse imene angabwere nayo pokhala pansi kuti aonere. Woonera wotere kulibe. Mlendo asanalozeredwe khomo amayamba wafunsidwa kumene wachokera, ndipo amene wachokera ku migodi ya chigawo cha Midlands ku Zimbabwe ali ndi khomo lakelake.

Matauni a chigawochi adamera pamiyala. Kwekwe idakulira pa golide wa mgodi wa Globe and Phoenix, Shurugwi pa kromu, Zvishavane pa asibesitosi wa mgodi wa Shabanie, ndipo Redcliff pa ng'anjo za chitsulo za ZISCO, zimene zidazima mu 2008. Manja ambiri amene adakumba miyala imeneyi adachokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique. Oyambirira adayenda wapansi. Otsatira adakwera malole a Ulere kapena kulembedwa ndi Mthandizi. Charles van Onselen adafotokoza moyo wa m'makomboni a migodi ya Southern Rhodesia m'buku lake la 1976 lotchedwa Chibaro, ndipo kwa munthu wodziwa mawu akuti chibalo dzina lokhalo lanena kale zambiri. Ambiri mwa anthuwa sadabwerere. Kumudzi adatchedwa machona. Kumene adakhazikika adatchedwa mabhurandaya, ndiye kuti anthu a ku Blantyre, ngakhale ambiri a iwo mzindawo sadauonepo. Zidzukulu zawo zilipobe, ndipo Gule Wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure, amatulukabe m'makomboni ena.

Ku Makusha, m'tauni ya Shurugwi, kumakhala mkulu wina amene adabadwira m'komboni m'zaka za m'ma 1950. Bambo ake adachoka ku Dedza ali mnyamata. Iye mwini adagwira ntchito pansi pa nthaka zaka zoposa 30, ndipo akakwera kamtunda chifuwa chake chimalira ngati mvukuto. Ali ndi mdzukulu wamkazi amene amaphunzira pa Midlands State University, ku nthambi ya ku Zvishavane. Mtsikanayu Chishona ndi Chingerezi amayankhula mosadodoma. Chichewa amamva, koma akati ayankhe chimamuthawa. Anzake a kukoleji adamudzazira masewero onse a Star Trek m'kompyuta, aliyense n'kumupatsa malangizo ake, ndipo iye, monga mwana womvera, adayesa njira zonse ziwiri.

Adayamba ndi ya zaka za m'nthano. Sipadapite nthawi asanaone kuti pali nthabwala zimene zikumudutsa. M'gawo lina la Enterprise la 2002 lotchedwa "Acquisition", mbava za makutu akuluakulu zimalanda chombo, ndipo mpaka gawolo kutha dzina la mtundu wawo silitchulidwa. Wodziwa amaseka chifukwa wazindikira Aferengi, amene adawaona kale m'masewero a zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Mlendo amangoona mbava. Sewero lolembedwa pambuyo koma loikidwa kumayambiriro kwa nthano limafanana ndi chiyankhulo chimene akatswiri amachitcha Proto-Bantu. Pamtengo wa ziyankhulo chili kutsinde, koma amene adachilemba, kuyambira Carl Meinhof mu 1899 mpaka Malcolm Guthrie pakati pa 1967 ndi 1971, adachiumba kuchokera ku ziyankhulo zamoyo zimene adazidziwa kale. Chimakoma kwa munthu amene ali ndi Chichewa, Chishona kapena Chibemba m'khutu. Palibe mayi amene adaphunzitsapo mwana wake kuyankhula poyambira pamenepo.

Njira yachiwiri, yoyambira pa sewero lakale koposa, ili ndi zifukwa zake zomveka. M'gawo loyamba limene lidaonetsedwa mu 1966, "The Man Trap", mumamveka Chiswahili, ndipo dzina la Uhura, mayi wakuda woyang'anira mauthenga m'chombo, lidatengedwa ku mawu akuti uhuru. Nichelle Nichols, amene adasewera ngati Uhura, ankasimba kuti Martin Luther King adamuletsa kusiya ntchitoyo. Zimenezi si zazing'ono. Komabe kuyambira apa n'chimodzimodzi kupatsa wophunzira Chichewa mtanthauziramawu wa Johannes Rebmann wa 1877, umene adausonkhanitsa kufupi ndi Mombasa mothandizidwa ndi Salimini, munthu wogwidwa ukapolo kuchokera m'chigawo chapakati cha Malawi. Ndi chuma, koma ndi chuma chobwerera kukachiona utadziwa kale njira. Mtsikana uja adaonera magawo angapo a Kirk, zovala ndi miyala ya makatoni zidamuseketsa, ndipo adalumphira ku The Next Generation. Kumeneko, magawo oyambirira asanathe, adakumana ndi "Code of Honor" la 1987, mmene dziko lonse la anthu akuda ovala nduwira likuonetsedwa ngati la anthu akuba akazi ndi okonda ndewu. Ena mwa amene adasewera m'gawoli adadzalinyoza poyera. Iye adatseka kompyuta, n'kuuza anzake kuti zimenezi adaziona kale m'mabuku a azungu akale.

Pali chinthu china chobisika m'masewero a chombo, chimene mwana wa kumgodi amachimva msanga ngakhale asanachitchule. Sewero la Kirk lili ndi magawo abwino onena za migodi. Mu "The Devil in the Dark" la 1967, anthu okumba miyala akuphedwa ndi chilombo, ndipo pomaliza zikudziwika kuti iwo ndi amene akhala akuswa mazira ake osadziwa. Mu "The Cloud Minders" la 1969, olemera amakhala mumzinda woyandama m'mitambo pamene okumba mgodi amapuma mpweya wowononga ubongo pansi. Munthu wodziwa kusiyana kwa Redcliff ndi Torwood m'masiku a atsamunda safuna womasulira. Koma ola likatha chombo chimanyamuka, ndipo woonera amanyamuka nacho. Zimene zidachitika kumgodiko sabata yotsatira palibe amene amazifunsa. Maso a seweroli ndi a alendo oyendera, aja amabwera pagalimoto, n'kuweruza mlandu, n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Anthu a m'komboni ndi amene amatsala fumbi la galimotoyo likakhazikika.

Deep Space Nine, limene Rick Berman ndi Michael Piller adaliyambitsa mu January 1993, ndi lokhalo m'banjali limene lidasankha kutsala. Mtsikanayo adalitsegula pa tchuthi kwa agogo ake, popanda chiyembekezo chilichonse, kungoti nthawi ipite magetsi akadalipo. Agogowo adali pakhonde. Adasuzumira, adaima, kenaka adakoka mpando.

"Taimitsa kaye, Naphiri," adatero. "Ofesi ya bwana ili pamwamba apo, masitepe akutsikira kwa antchito. Amene adamanga nyumba iyi adagwirapo ntchito kumgodi."

"Si mgodi, agogo," adayankha m'Chichewa chake chothyokathyoka. "Ndi doko la zombo, m'mlengalenga."

"Ndamva. Koma ukafufuze bwino."

Agogo sadaphonye. M'nthanoyo, doko limeneli lidamangidwa ndi Akadasiya, amene adalanda dziko la Bajor kwa zaka pafupifupi 50, ndipo ntchito yake idali yoyenga miyala ya m'migodi pogwiritsa ntchito eni dziko mwachibalo. Dzina lake lidali Terok Nor. Sewero likuyamba atsamundawo atangochoka, ataswa chilichonse chimene sadathe kunyamula. Boma latsopano, losakhazikika, laitana anthu akunja kuti adzathandize kuyendetsa dokolo, ndipo dzina lasinthidwa. Selukwe idasanduka Shurugwi, Shabani idasanduka Zvishavane, Que Que idasanduka Kwekwe. Masitepe adatsala pomwe adali. Mkulu watsopano, Benjamin Sisko, amene Avery Brooks adasewera, ndi bambo wakuda woferedwa mkazi, wolera yekha mwana wake wamwamuna, ndipo ntchitoyo sakuifuna.

Anthu a padokoli agogo adawazindikira mmodzimmodzi ngati akuwerenga kaundula wa komboni. Kira Nerys ndi msilikali wa nkhondo ya ufulu amene wapatsidwa ofesi, mkwiyo wa kutchire usanamuthere. Quark ndi mwini bala, amene adagulitsa mowa m'nthawi ya atsamunda ndipo akugulitsabe. Garak ndi telala, mtchona weniweni: kwawo adamuthamangitsa, kuno amamukayikira, ndipo amakhalira kusoka mabuluku a anthu amene mtundu wake udawazunza. Koma amene adawatseka pakamwa agogo ndi Odo, mkulu wa chitetezo, cholengedwa chosadziwa kumene chidachokera, chimene chidasunga bata padokoli pansi pa atsamunda n'kupitiriza ntchito yomweyo iwo atachoka. Gawo la "Necessary Evil" la 1993 limabwerera m'mbuyo kukaonetsa m'mene adayambira ntchitoyo, kuseri kwa mpanda wolekanitsa antchito ndi mabwana. Litatha, agogo adakhala chete nthawi yaitali. Kenaka adauza mdzukulu wawo chimene ana awo enieni sadauzidwepo: kuti bambo awo, mnyamata uja wa ku Dedza, sadakhale wokumba miyala moyo wawo wonse. Zaka zawo zomaliza adali mpolisi wa komboni, wonyamula chikoti, wosecha m'nyumba za anzawo usiku. Nkhaniyo adaikamba m'Chichewa chokhachokha, pang'onopang'ono, ndipo mtsikanayo pamene sadamve ankafunsa.

Mlendo amene akufuna kuyesa ngati khomo ili ndi lake asadikire kuti amalize magawo onse 176, amene ndi maola pafupifupi 130. Aonere loyamba, "Emissary", kenaka alumphire ku "Duet", chakumapeto kwa chaka choyamba. M'gawo limeneli mwafika Mkadasiya wodwala nthenda imene munthu sangaitenge kwina kulikonse koma pa ngozi ya mgodi wa msasa wachibalo wa Gallitep. Thupi lake ndilo mboni yakuti adali kumeneko. Iye akudzinenera kuti adali mkulu wa msasawo. Choona chake n'chakuti adali kalaliki wosunga mafaelo, amene ankatseka makutu usiku kuti asamve kulira, ndipo tsopano akufuna kuweruzidwa m'malo mwa bwana wake kuti dziko lakwawo livomere mlandu. Pa migodi ya Rhodesia ukalaliki nthawi zambiri unkagwera Anyasa ophunzira kumishoni, a ku Livingstonia ndi ku Blantyre, choncho funso la gawoli silili patali ndi mabanja a ku Maglas kapena ku Amaveni. Amene "Duet" silidamugwire mtima angathe kukaodira khomo lina popanda kudziimba mlandu. Amene lamugwira apitirire ku "Civil Defense" la 1994, mmene antchito akukonza chipinda chakale choyengera miyala n'kudzutsa mwangozi makina amene atsamunda adasiya: zitseko zikudzitseka zokha, ndipo mawu ojambulidwa a bwana wakale akulamula antchito oukira kuti agonje, ngakhale antchitowo adamasulidwa kalekale. Pambuyo pake pali "Bar Association" la 1996, lonena za sitalaka ya antchito a m'bala, limene ndi lanthabwala koma limakumbutsa kuti Clements Kadalie, amene adayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, adali mwana wa ku Nkhata Bay.

Khomo limene munthu walowera limasintha maonekedwe a nyumba yonse. Kwa amene adayamba ndi The Next Generation, Captain Picard ndi tate wanzeru, wokonda mabuku ndi mtendere. Amene wayamba ndi Deep Space Nine amamuona koyamba kudzera m'maso a Sisko, ngati nkhope imene idatsogolera nkhondo ya ku Wolf 359, kumene mkazi wake adafera. Akadzabwerera m'mbuyo kukaonera "The Best of Both Worlds" la 1990 adzamva kuti Picard adali wogwidwa, wogwiritsidwa ntchito mosafuna, ndipo adzamumvera chisoni. Koma kuona koyamba kuja sikufufutika, ndipo n'kwabwino kuti kusafufutike. Manijala amene kukalabu amamutama chifukwa cha ulemu wake, kukomboni amamudziwa ndi dzina lina.

Sikuti seweroli lilibe zilema. Zaka zake ziwiri zoyambirira zili ndi magawo ozizira amene munthu angawalumphe osataya kanthu, ndipo Aferengi nthawi zina amasekedwa m'njira yosakoma. Chachikulu n'chakuti, monga abale ake onse, limabisa nkhani ya chiyankhulo. Aliyense amamveka akuyankhula Chingerezi chifukwa cha kachipangizo komasulira, kamene kamagwira ntchito mosaoneka. Migodi ya Rhodesia idali ndi kachipangizo kake, Chilapalapa, chiyankhulo cholamulira chimene chinkatsika kuchokera kwa kapitao kupita kwa wantchito koma sichinkatha kunyamula maliro, chikondi kapena mwambi. Doko loyengera miyala lopanda chiyankhulo chotere ndi bodza limene mwana wa kumgodi amaligwira msanga. N'chifukwa chake, mlendo akakhazikika, ulendo wake woyamba wotuluka padoko uyenera kukhala wopita ku "Darmok", gawo la The Next Generation la 1991. Picard wasiyidwa padziko lachilendo pamodzi ndi mtsogoleri wa mtundu umene mawu ake kachipangizo kaja kamawamasulira onse, koma tanthauzo osamveka, popeza anthuwo amayankhula potchula mayina ndi malo a m'nthano zawo. Mchewa akati safunsa adadya phula, liwu lililonse lingathe kumasuliridwa, koma wosadziwa njuchi ndi malesa ake sangamve chimene wachenjezedwa. Mphukira za Star Trek zimayankhulana motero zokhazokha, ndipo mlendo aliyense kwa kanthawi amakhala Picard pamoto uja. Amachira pokhala pafupi ndi wodziwa. M'nyumba ya ku Makusha odziwa adali awiri: mdzukulu ankamasulira Chingerezi, agogo ankamasulira komboni, ndipo chiyankhulo chimene onse awiri adakumaniramo, mwina koyamba, chidali Chichewa.

Kuchokera apo njira zimatseguka zokha. "Trials and Tribble-ations" la 1996 limalowetsa anthu a Sisko m'zithunzi zenizeni za sewero la 1967, ndipo ndi mlatho wabwino wobwererera kwa Kirk ndi Uhura. "Far Beyond the Stars" la 1998, limene Avery Brooks adaliwongolera yekha, limasandutsa Sisko kukhala mlembi wakuda wa ku New York wa m'zaka za m'ma 1950, amene nthano yake ya mtsogoleri wakuda wa doko la m'mlengalenga ikukanidwa kusindikizidwa. Enterprise, Discovery ndi Strange New Worlds adikire. Adzakoma nthawi yawo ikakwana.

Voyager ndi nkhani ina. Seweroli, la 1995 mpaka 2001, limasimba za chombo chimene chaponyedwa kutali kotero kuti ulendo wobwerera kwawo ungatenge zaka 75. Mtsikanayo adaganiza kuti limeneli ndiye agogo adzalikonda koposa, popeza ndi nthano ya machona. Adalionera mwaulemu, koma silidawatenge mtima. Anthu a m'chombomo ali ndi mayunifolomu, maudindo ndi dziko limene likuwadikira. Palibe amene akukayika kuti iwo ndi nzika za kwinakwake. Chaka chimene seweroli lidatha, 2001, n'chomwecho chimene Zimbabwe idasintha lamulo la unzika, n'kulamula kuti aliyense amene angakhale ndi ufulu wa unzika wa dziko lina aukane motsata malamulo a dzikolo m'miyezi 6. Anthu ambiri obadwira m'migodi ndi m'mafamu, amene Malawi sadamupondepo, adapezeka kuti si nzika za kulikonse, ndipo pa chisankho cha 2002 ambiri sadavote. M'zaka zomwezo Robert Mugabe adanyoza anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mitupo, ngati kuti Phiri, Banda ndi Mwale si ziwongo. Malamulo aakulu a 2013 adabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo lidachokera m'maiko a SADC, ndipo adaika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka. Koma kwa zaka zambiri chitupa cha agogo chidali ndi chizindikiro cha liwu la Chingerezi lakuti alien. Mdzukulu wawo atawafotokozera kuti m'masewerowa liwu lomwelo limatanthauza cholengedwa chochokera ku dziko lina la m'mlengalenga, adaseka mpaka chifuwa chidawagwira, ndipo adafunsa ngati makutu awo ali osongoka mokwanira.

Gawo lomaliza la Voyager, "Endgame", adalionera pa tchuthi chotsatira. Chombo chimatulukira pafupi ndi dziko lapansi, zombo zina zikuchiperekeza, ndipo sewero limathera pomwepo, munthu ngakhale mmodzi asanatsike. Okonda seweroli ambiri adadandaula nazo zimenezi. Agogo, amene amadziwa dzina la mudzi wa bambo awo, dzina la mfumu yake ya nthawi imeneyo ndi la mtsinje wa kumunsi kwake, koma sadaonepo phiri la Dedza, adangoyang'ana mayina akukwera pagalasi.

"Nanga atatsika adawalandira ndani, Naphiri?"

"Sadaonetse, agogo."

"Minda yawo adaipeza?"

Mtsikanayo adafufuza m'kompyuta ngati padali gawo lina lotsatira. Padalibe.